Kodi nyuzipepala za m'madera n'zoyenera kuzilipira?

Chidwi wa m'mawa:

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Nyuzipepala zambiri zolemba za m'madera, zija zotsata khonsolo, khoti, sukulu ndi chipatala cha dera limodzi, zayamba kutseka nkhani zawo pa intaneti. Uwerenga ndime ziwiri, kenako pakutulukira uthenga woti ulipire kaye. Eni ake akuti popanda ndalama za owerenga utolankhani ufa. Owerenga nawo akuti zimene zikulembedwazo n'zosayenera kutulutsira ndalama: mitu yokokomeza, zolankhula za akuluakulu zongokopera, mayina olakwika, ndiponso nkhani yoti unaiona kale dzulo pa Facebook.

Funso langa lili pawiri. Kodi ntchito inatsika chifukwa ndalama zinasowa, kapena ndalama zikusowa chifukwa ntchito inatsika? Nanga munthu amene angakwanitse kulipira nyuzipepala imodzi yokha, angadziwe bwanji asanalipire kuti ndalama yake ikafika kwa mtolankhani, siikathera m'thumba la mwini kampani?

Mkonzi wausiku:

Achimwene, ndalama ndi imene inayamba kuthawa, ntchito inatsika pambuyo. Koma pali mfundo imene ambiri saidziwa: wowerenga sanalipirepo mtengo wonse wa nkhani, ngakhale nthawi imene nyuzipepala zinali zonenepa masamba. Mu 1833 Benjamin Day atayambitsa The Sun ku New York, ankaigulitsa senti imodzi pamene zinzake zinali pa masenti 6. Ankafuna ogula achuluke, iye azigulitsa malo kwa otsatsa malonda ofuna kuonedwa ndi khamulo. Kwa zaka zoposa 150 ntchitoyi inkadya pamenepo. Chimene chinkadyetsa kwambiri nyuzipepala ya m'dera ndi timalonda tating'ono ta kumasamba akumapeto: ntchito, nyumba za lendi, galimoto zogulitsa. Timalondati tinasamukira pa intaneti, ku masamba ngati Craigslist imene inayamba mu 1995, ndipo malonda akuluakulu anatsatira kupita ku Google ndi Facebook. Ku America ndalama za malonda m'nyuzipepala zinali pafupifupi madola 49 biliyoni mu 2005, koma pofika 2022 zinali zosakwana 10 biliyoni. Ogwira ntchito yotola ndi kukonza nkhani m'nyuzipepala za kumeneko anatsika kuchoka pa 71,000 mu 2008 kufika pa 31,000 mu 2020.

Dandaulo lililonse mwatchulalo lili ndi mpando wake umene unatsala wopanda munthu. Tengani dzina lolakwika. Kale nkhani inkadutsa m'manja atatu. Mtolankhani alembe, mkonzi wa nkhani amufunse kuti "wakuuza ndani, nanga mbali inayo yati chiyani?", kenako wosefa nkhani aone kalembedwe ka mayina, awonkhetse manambala, ayerekeze mutu ndi zimene zili m'kati. Wosefayu ndi amene amayamba kuchotsedwa ntchito, poti dzina lake silituluka m'nyuzipepala ndipo owerenga sazindikira msanga kuti wapita. Amadzazindikira tsiku limene mutu wanena kuti afa anthu asanu koma m'kati mwalembedwa atatu.

Zongokopera zija zimabwera chifukwa cha nthawi. Nkhani yoitola yekha imafuna kupita pamalopo, kulankhula ndi anthu osachepera awiri osagwirizana, kuona chikalata ndi maso, ndi kumupatsa wonenedwayo mpata woyankha. Limenelo ndi theka la tsiku, mwinanso masiku awiri. Mukamuuza mtolankhani kuti azipereka nkhani zisanu ndi imodzi pa tsiku, mwamuuza kuti asatuluke mu ofesi. Ndiye atenga chikalata chimene mneneri wa apolisi kapena wa kampani watumiza, asinthe ndime yoyamba, n'kuponya. Mitu yokokomeza nayo imachokera ku malipiro a malonda a pa intaneti, amene amawerengedwa potengera kuti tsamba latsegulidwa kangati. Kaya munthu wawerenga mpaka kumapeto, kaya watukwana n'kutseka, ndalama yake ndi yomweyo.

Pa funso lachiwirilo, musadalire zimene nyuzipepala ikudzinenera. Iyeseni kwa sabata imodzi, cholembera chili m'manja. Nkhani iliyonse ya m'dera muiike pa limodzi la magulu atatu: imene mtolankhani anafika pamalopo, imene anaimba mafoni kumbali zonse ziwiri, ndi imene anangolandira. Yoyamba mudzaidziwa ndi tinthu toti sungatipeze uli pa desiki: kuti pamsonkhano panali makhansala angati, ndani anatuluka voti isanachitike, mpopi wonenedwawo ukutuluka madzi kapena ayi. Yongolandira imakhala ndi munthu mmodzi wolankhula, nthawi zambiri mneneri, mawu ake osalala ngati owerenga papepala, ndipo chithunzi chake n'chochita kupatsidwa. Mukakayika, koperani chiganizo chimodzi cha pakati pa nkhaniyo, muchiike pa Google m'kati mwa zizindikiro zogwira mawu. Chikatuluka chimodzimodzi pa masamba anayi, palibe anatola nkhaniyo.

Kwa ine, nyuzipepala imene pa nkhani khumi zilizonse zitatu ndi za gulu loyamba ndi yoyenera kuilipira, ngakhale kalembedwe kake kakhale kosakoma. Imene ilibe ndi imodzi yomwe sabata yonse, isiyeni.

Mayi wa kukhoti:

Ndikugwirizana ndi bambo Mkonzi, koma ndikufuna kutsutsa mawu aja akuti "ndinaiona kale pa Facebook". Chimene munaona ndi chiyambi cha nkhani. Ngozi, moto, munthu womangidwa, zimenezi zimafika pa foni mwachangu chifukwa aliyense wodutsa akhoza kujambula. Palibe wodutsa amene angakhale pa benchi ya khoti kuyambira 9 koloko mpaka madzulo, mlandu n'kuimitsidwa, iye n'kudzabweranso patatha milungu itatu.

Kulemba za kukhoti kuli ndi malamulo ake ndipo wowerenga akhoza kuona ngati akutsatidwa. Dzina la wozengedwa mlandu limatengedwa pa chikalata cha mlandu, osati pongomva, ndipo pamaikidwa zaka zake ndi kumene amakhala. Kumeneku si kufuna kumuyalutsa. N'kuteteza munthu wina wa dzina lomwelo amene sanalakwe kanthu, ndipo nyuzipepala ikhoza kusumiridwa ikasokoneza anthu awiriwo. Mlandu ulembedwe monga mmene wawerengedwera m'khoti, chifukwa kuba, kuba moopseza ndi kulandira katundu wobedwa ndi milandu yosiyana, zilango zakenso n'zosiyana. Ngati munalemba zimene oimira boma ananena Lolemba, mukuyenera kukhalapo tsiku limene wozengedwayo akudziteteza. Ana ndi ochitidwa nkhanza zogonana satchulidwa mayina, ndipo salembedwa mwanjira yoti anansi awazindikire.

Cholakwa chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti kumangidwa kwa munthu kumalembedwa ndi chithunzi chake, koma tsiku limene khoti lamupeza wosalakwa palibe mtolankhani. Munthuyo amatsala ndi dzina loipa pa intaneti mpaka kalekale, akafunsira ntchito n'chimene chimayamba kutuluka. Choncho onjezani ichi pa mayeso a bambo Mkonzi: sankhani anthu atatu amene nyuzipepalayo inalemba kuti amangidwa miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, mufufuze ngati inalembanso mmene milandu yawo inathera.

Kukhonsolo n'chimodzimodzi. Nkhani yeniyeni siikhala m'zolankhula za meya. Imakhala m'mapepala: ndondomeko ya zokambirana imene imatuluka msonkhano usanachitike, maminitsi, bajeti ya chaka chino ukaiika pambali pa ya chaka chatha mzere ndi mzere, lipoti la ofufuza za chuma, ndi mndandanda wa amene anapatsidwa makontirakiti.

Zimene zimachitika pakasowa wowerenga mapepalawa zinaoneka ku Bell, tauni ya anthu pafupifupi 35,000 kufupi ndi Los Angeles, ambiri mwa iwo opeza movutikira. Mu 2005 kunachitika chisankho chapadera chosintha malamulo oyendetsera tauniyo, ndipo oponya voti sanakwane 400. Kusinthako kunamasula makhansala ku malire a malipiro amene boma la California linaika. Pofika 2010, atolankhani awiri a Los Angeles Times, Jeff Gottlieb ndi Ruben Vives, atapempha kuona zikalata za malipiro, anapeza kuti mkulu woyendetsa tauniyo, Robert Rizzo, ankalandira pafupifupi madola 800,000 pa chaka. Makhansala anayi mwa asanu ankalandira pafupifupi madola 100,000 aliyense pa ntchito yosakhala ya tsiku lonse, kudzera m'makomiti amene ena ankakumana kwa mphindi zochepa chabe. Nthawi yonseyi anthu a m'tauniyo ankakhoma msonkho wa nyumba wokwera kuposa madera ambiri olemera owazungulira. Rizzo anagamulidwa kukakhala kundende zaka 12 mu 2014. Malipirowo anali m'mabuku, koma panadutsa zaka zisanu nkhaniyi isanatulukire poyera.

Ndiye achimwene, lipirani, koma dziwani chimene mukugula. Mukugula tsiku la munthu woti akakhale pa benchi ija m'malo mwanu.

Wamasamu:

Amayi afotokoza bwino chifukwa cholipirira. Ine ndikuuzeni chifukwa chake kulipirako nthawi zambiri sikupulumutsa nyuzipepala yaing'ono, chifukwa apa ndi pamene anthu amanamizana.

Paywall, mpanda uja wotseka nkhani pa intaneti mpaka ulipire, ilipo ya mitundu ingapo. Pali yotseka zonse, ngati imene The Times ya ku London inaika mu 2010. Pali yowerengera, imene The New York Times inayamba mu 2011: nkhani 20 zaulere pa mwezi, zimene inazichepetsa kufika pa 10 chaka chotsatira. Pali yotseka nkhani zofufuza zokha n'kusiya zina zotsegula. Ndiye pali osatseka konse koma opempha owerenga kuti athandize mwa kufuna kwawo, monga The Guardian, kapena Daily Maverick ya ku South Africa imene inayambitsa umembala wake mu 2018. Sikuti aliyense zimamuyendera. The Sun ya ku Britain inatseka nkhani zake mu 2013 n'kudzatsegulanso mu 2015, poti nkhani za anthu otchuka ndi za mpira zimapezeka paliponse ulere.

Vuto n'lakuti eni nyuzipepala za m'madera amatengera The New York Times, kuiwala kuti iyo imawedza m'nyanja ya dziko lonse lapansi, pamene iwo ali ndi dziwe la dera limodzi. Tiyeni tingoyerekeza ndi manambala ozungulira. Tinene kuti tsamba limalandira anthu 100,000 pa mwezi. Ambiri mwa amenewa anangogwera kuchokera pa Facebook, awerenga nkhani imodzi, sadzabweranso, ndipo sangalipire. Tinene kuti olipira ndi awiri pa 100 alionse, ndiye anthu 2,000. Tsopano nambala imene imapha ndi ya osiya. Ngati asanu pa 100 akusiya mwezi uliwonse, ndiye kuti mukutaya anthu 100 mwezi woyamba, ndipo popanda olowa atsopano chaka chikamatha mwatsala ndi pafupifupi 1,080. Osiyawo akakhala awiri pa 100, mutsala ndi pafupifupi 1,570. Kusiyana kwa anthu pafupifupi 500 kumeneku mwina ndi malipiro a mtolankhani wathunthu.

Anthu amasiyiranji? Ena sanafune n'komwe kusiya: khadi la kubanki latha nthawi, kapena tsiku lodula ndalama mu akaunti munalibe kanthu, ndipo palibe anawakumbutsa. Ena anakopedwa ndi mtengo wotsika wa miyezi itatu yoyamba, mwezi wachinayi mtengo n'kukwera kangapo mosawachenjeza, iwo n'kuona kuti apusitsidwa. Ena analipira koma tsamba likadali lodzaza malonda otsekereza nkhani, lolemera moti limadya data. Ndipo nyuzipepala imene imalola kulowa ndi batani limodzi koma kutuluka mpaka uimbe foni, munthu akatulukamo sabwereranso. Dziwaninso kuti mukalipira kudzera mu app ya pa foni, Apple ikhoza kudulapo mpaka 30 peresenti chaka choyamba, choncho ngati mukufuna ndalama yambiri ifike kwa olemba, lipirani pa tsamba la nyuzipepalayo mwachindunji.

Za thumba la mwini kampani, nkhawa yanu ndi yoona. Pali makampani amene amagula nyuzipepala zovutika, n'kugulitsa nyumba ndi makina osindikizira, kuchepetsa antchito, kukweza mtengo, n'kumakama mpaka ng'ombe itagwa. Njira yoonera ndi yosavuta. Werengani mayina a olemba nkhani za m'dera kwa milungu iwiri, kenako tsegulani nkhani za mwezi womwewo zaka zitatu zapitazo muwerengenso. Mtengo ukakhala kuti wakwera koma mayina atsika kuchoka pa khumi kufika pa anayi, mwadziwa kumene ndalama ikupita. Onaninso ngati nkhani yomweyo, mawu omwewo, ikutuluka m'nyuzipepala zina za kampaniyo atangosintha dzina la tauni. Pali ena anathawa msampha umenewu posintha umwini. The Philadelphia Inquirer inaperekedwa m'manja mwa bungwe losafuna phindu mu 2016, ndipo The Salt Lake Tribune inasanduka yosafuna phindu mu 2019. Zikatero ndalama yotsala imayenera kubwerera ku ntchito.

Nyali ya pakhomo:

Akuluakulu, zonse mwanenazi ndi zoona, koma mukulankhula ngati aliyense ali ndi khadi la kubanki ndi ndalama yotsala. Amene chigamulo cha khonsolo chimamupweteka kwambiri, wogulitsa pamsika amene akusamutsidwa, wa lendi amene nyumba yake ikugwetsedwa, ndi yemweyo amene sangalipire. Mukatseka nkhani yofufuzidwa bwino, bodza limatsala lotsegula, ndipo limayenda pa WhatsApp popanda wolitsekereza. Kale nyuzipepala imodzi ya papepala inkawerengedwa ndi anthu angapo, kupatsirana mpaka kung'ambika. Akaunti ya pa intaneti ndi ya munthu mmodzi.

N'chifukwa chake ndimati nkhani zokhudza moyo wa anthu zisamatsekedwe: madzi osefukira, mliri, madzi akumwa oipitsidwa, malo ndi nthawi yoponyera voti, zimene opikisana pa chisankho akulonjeza. Mu 2020 nyuzipepala zambiri zinatsegula nkhani za Covid-19 kwa aliyense, kusonyeza kuti nazonso zimadziwa zimenezi.

Komanso si wowerenga yekha angasenze katunduyu. Ku Britain, kuyambira 2017, BBC imalipira atolankhani pafupifupi 150, amene pambuyo pake anawonjezeredwa, oti azigwira ntchito m'nyuzipepala za m'madera kutsata makhonsolo, ndipo nkhani zawo zimagawidwa kwa nyumba zofalitsa nkhani zonse zimene zili mu mgwirizanowo. Australia mu 2021 inakhazikitsa lamulo lokakamiza Google ndi Facebook kukambirana za malipiro ndi ofalitsa nkhani. Canada itachita zofanana mu 2023, Meta, kampani ya eni Facebook ndi Instagram, inangotseka nkhani pa masamba awiriwa m'dzikolo, ndipo nyumba zing'onozing'ono zimene zinkadalira masambawo kuti zipeze owerenga zinavutika. Ndiye njira imeneyinso ili ndi minga.

Chidwi wa m'mawa:

Zikomo nonse. Amayi a Nyali andikhudza, chifukwa sindikufuna kulipirira mpanda wotsekera anzanga kunja. Koma bambo Mkonzi, ngati nkhani zikhala zaulere, ndipo malonda anathawa, ndiye amene akulipira mtolankhaniyo ndani?

Mkonzi wausiku:

Funso limenelo ndi limene muyenera kufunsa pa nkhani iliyonse yaulere, achimwene, chifukwa wolipira amakhalapo ndithu. Wowerenga akapanda kulipira, pamatsala atatu. Woyamba ndi wotsatsa malonda wamkulu, ndipo m'dera laling'ono kawirikawiri ameneyu ndi khonsolo yomweyo, boma, banki kapena kampani ya mafoni. Safunika kuopseza. Amangosiya kutumiza malonda mwezi umodzi, mkonzi n'kumva yekha. Wachiwiri ndi mwini nyuzipepala amene ali ndi zofuna zake pa ndale kapena pa bizinesi. Wachitatu ndi mwini nkhani, kudzera m'chimpondamthengo: kaenivelopu ka pamapeto pa msonkhano, kotchedwa ndalama ya mayendedwe. Mtolankhani amene ofesi yake sinamupatse yoyendera amapita kokhako kumene akamunyamule ndi kumudyetsa, ndipo n'kovuta kufunsa funso lolasa munthu amene galimoto yake ikubwezeni madzulo. Mukaona nyuzipepala yodzaza ndi miyambo yopereka mphatso ndi yotsegulira nyumba, koma mulibe nkhani ya kumudzi kumene kulibe woitana atolankhani, chifukwa chake n'chimenechi.

Ndalama ya wowerenga ubwino wake ndi woti ndi ya anthu ambiri, aliyense pang'ono. Mmodzi akakwiya n'kusiya, nyuzipepala siigwa, pamene wotsatsa mmodzi wamkulu akachoka malipiro a mwezi umenewo amavuta. Ndipo nkhawa ya amayi a Nyali ili ndi yankho lake m'zimene a Wamasamu atchula: umembala, pamene okwanitsa amalipira kuti nkhani zikhale zotsegula kwa onse. Ngati m'dera lanu muli nyumba yotere ndipo yakhoza mayeso aja, yambani ndi imeneyo. Ngati yokhoza mayeso ndi yotseka, lipiranibe, koma alembereni kuti nkhani za ngozi ndi za chisankho azizitsegula. Kalata ya munthu wolipira imawerengedwa.

Musanatulutse ndalama, chitani zinthu ziwiri izi. Pezani cholakwika chimodzi chenicheni, monga deti, dzina kapena nambala imene mungaitsimikize, muwalembere mwaulemu ndi umboni wake. Nyumba yabwino imakonza m'masiku ochepa ndipo imalemba pansi pa nkhaniyo kuti yakonza chiyani ndi liti. Yokayikitsa imasintha mwakachetechete, kapena kufufuta nkhani yonse. Kenako onani ngati nkhani zolipiridwa ndi makampani zalembedwa poyera kuti ndi malonda, ndi zilembo zooneka, pamwamba osati pansi. Zikakhala bwino, lipirani mwezi umodzi osati chaka, mulembe tsiku limene ndalama idzadulidwenso ndi mtengo umene udzakhalepo nthawi yotsitsa ikatha. Pakatha miyezi itatu bwerezani kuwerenga kuja, magulu atatu a nkhani ndi mayina a olemba, muyerekeze ndi pepala lanu loyamba.